Kuseka pa maliro a mtundu womwe sunafe

Funso: Akonzi, ndamva kuti eni nthaka a ku Canada ndi ku Australia amapanga zisudzo zoseketsa pa nkhani zowawa ngati kulandidwa ana, ndipo zina amaziika m'zaka za kutsogolo. Kodi chimenechi si chipongwe kwa omwe adazunzika?

Yankho: Chimakhala chipongwe muvi ukalasa wozunzidwayo. Koma yambani mwaona chilonda chake. Ku Canada ana pafupifupi 150,000 adachotsedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'sukulu zogonera komweko, zambiri zoyendetsedwa ndi mipingo, kumene ankalangidwa akalankhula chinenero chawo. Yomaliza idatsekedwa m'ma 1990. Mwambo wa potlatch, womwe ndi phwando logawirana mphatso la mitundu ina ya eni nthaka a ku Canada, udali woletsedwa kuyambira 1885 mpaka 1951. Ku Australia, nduna yaikulu Kevin Rudd adapepesa za ana olandidwa mu 2008.

Atsamunda ankalengeza kuti mitunduyi ikutha yokha. Ndiye mukaona pa siteji agogo a mu 2090 akukalipira mdzukulu m'chinenero cha Cree, chimodzi mwa zinenero za eni nthaka a ku Canada, dziwani kuti wolembayo akuyankha olosera imfa aja. Magulu monga Spiderwoman Theater ya ku New York, yomwe idayamba mu 1976, ndi Native Earth Performing Arts ya ku Toronto, ya mu 1982, adatsegula njira yoti eni nkhani azidzifotokozera okha. Nthabwala sadachite kubwereka. Anthu a mtundu wa Anishinaabe, eni nthaka a ku Canada ndi ku United States, ali ndi Nanabush, kathyali wa m'nthano amene nthawi zina amagwa m'mbuna yokumba yekha.

Funso: Ndimaphunzitsa zisudzo ndipo ndikufuna ophunzira anga ayese sewero lotere. Tiyambire pati?

Yankho: Aphunzitsi, sankhani kaye chaka. Zaka 50 mpaka 70 kutsogolo n'zokwanira, chifukwa nkhalamba ya m'sewero imakhala mwana amene ali moyo lero. Mukalumpha zaka 500, owonera amatanganidwa ndi maroketi n'kuiwala anthu.

Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha m'dzikolo. Tinene kuti nduna yabwera kudzapepesa kachi 40, chipepeso chikuwerengedwa ndi makina, batire latha pakati pa mawu oti "pepani", ndipo mayi wolandidwa mwana ndiye akupemphedwa kubwereketsa chaja. Apa wosekedwa ndi wamphamvu. Nthabwala iliyonse muiyese ndi funso lomweli: wagwa ndani? Ngati ndi mayiyo, ifufuteni, ngakhale ikhale yokoma bwanji.

Pomwe ambiri amalephera ndi pambuyo pa kuseka. Mayiyo asamwetulire. Adikire phokoso litsike, awerenge chamumtima mpaka 3, kenako atchule dzina la mwana wake motsitsa mawu. Akafulumira, mawuwo amamira m'kuseka. Akachedwa, anthu amayamba kuwomba m'manja ndipo ululu uja umazilala. Poyeserera muikepo anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi omwe sadawerenge sewerolo, chifukwa osewera okhaokha sadziwa pomwe holo idzaphulike.

Chinenero cha eni nthaka musachimasulire chonse. Mizere iwiri kapena itatu isiyeni choncho, owonera alaweko kukhala kunja kwa nkhani.

Zovala ndiye msampha wina. Chisoti cha nthenga ndi cha ulemu pakati pa mitundu ina ya m'zigwa za North America, si yunifolomu ya eni nthaka onse. Tchulani mtundu umodzi, muuphunzire bwino, ndipo nyimbo ndi miyambo yopatulika musaikwezere pa siteji popanda chilolezo cha eni ake. Ku Australia amachenjezanso owonera pasadakhale ngati m'seweromo mutchulidwa mayina kapena muonetsedwa zithunzi za omwalira. Ngati palibe mwini mtundu woti awerenge zomwe mwalemba, ndi bwino mupeze sewero lolembedwa ndi iwo eni, mupemphe chilolezo kwa wolembayo, ana aphunzirirepo.