Kwa mayi aang'ono ofuna kupita ndi mwana ku Joni

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga m'mawa ndipo ndati ndisangodutsa, chifukwa ulendo ngati umenewu ndinauyendapo ndipo koyamba ndinabwerera panjira. Mwati akulu anu ali ku Johannesburg ndipo akufuna mwana wawo wa zaka 9 akawaone pa holide ya Khirisimasi. Mwanayo amakhala ndi agogo ake ku Khombedza, wopita naye pa basi ndinu, ndipo bambo ake banja linatha, pano ali ku Dwangwa. Mukufunsa ngati pasipoti yokha ikukwanira. Ine ndikuti pezani kalata ya chilolezo ya makolo onse awiri, musanagule n'komwe tikiti.

Amene akuyankhani kuti South Africa inasiya kufunsa makalata sakunama, koma akuuzani mbali imodzi. Mu June 2015 dziko lija linakhwimitsa malamulo: mwana aliyense wosakwana zaka 18 ankayenera kuonetsa satifiketi yakubadwa yokhala ndi mayina a makolo, ndipo ngati kholo lina palibe pankafunika affidavit, kalata yolumbirira ya chilolezo chake. Mu November 2019, nduna yawo yoona zam'dziko pa nthawiyo, Aaron Motsoaledi, inafewetsa lamuloli kwa ana a m'mayiko ena omwe akuyenda ndi munthu wamkulu. Mwana woyenda yekha sanamuchotsere, ndipo mwana yemwe ndi nzika ya South Africa sanamuchotserenso. Koma inu simukuuluka kuchokera ku Lumbadzi n'kukatera ku Johannesburg. Mukukwera basi. Mutuluka pa Dedza, mulowa Mozambique pa Calomue, mudutsa Tete, mutuluka pa Cuchamano, mulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge mbali zonse ziwiri. Amenewo ndi mawindo 6 popita, enanso 6 pobwera, ndipo pa windo lililonse pali munthu yemwe akakayika ali ndi mphamvu zokufunsani kuti mwanayu ndi wandani. Lamulo la South Africa silimanga wa ku Mozambique kapena wa ku Zimbabwe, ngakhalenso wa kwathu konkuno.

Ine ndinanyamuka ndi mwana wa mng'ono wanga, kamtsikana ka zaka 7. M'chikwama ndinali ndi pasipoti yake, khadi lake lakusikelo ndi kalata yolemba pamanja yomwe amfumu anadindapo. Pa boda ina tinafika kukuda, tonse titatopa, mwana atagwira chitenje changa uku akusinza. Bambo wa pawindo anayang'ana mapasipoti awiriwo, anaona kuti mayina akusiyana, ndiye anatuluka n'kunjuta pamaso pa mwana. Anamufunsa mofatsa kuti, "Awa ndi ndani ako?" Mwana anati, "Amayi." Anamufunsanso kuti, "Amayi ako dzina lawo ndani?" Mwana anatchula dzina la mng'ono wanga, osati langa. Basi, nkhani inathera pomwepo. Anatipatula, anatikhazika pabenchi, kalata ya amfumu anaiwerenga n'kundibwezera. Foni ya mng'ono wanga sinkapezeka. Kondakitala anatidikira mpaka anthu anayamba kudandaula, kenako anatitsitsira katundu. Ndinaona magetsi a basi akuzimiririka, mwana akundifunsa kuti amayi, tikwera iti? Ndalama ya tikiti inapita, ndipo ufa ndi usipa zomwe tinanyamulira mayi ake tinabwerera nazo ku Salima.

Usiku umenewo ndinakwiya kwambiri, koma lero bambo uja sindimuimba mlandu. Mwana sananame, inenso sindiname. Kwathu kuno mng'ono kapena mkulu wa mayi ako ndi mayi ako, ndipo mwana ndi wa mbumba. Malume ake ndiye mwini mbumba, akanena kuti mwana apite, wapita. Koma munthu wa pawindo sakudziwani, sadziwa agogo a ku Khombedza, sadziwa kuti mwanayo munamulera ndinu kuyambira ali kumsana. Akungoona mayi ndi mwana a mayina osiyana akutuluka m'dziko usiku. Wozembetsa ana nayenso amafika pawindo lomwelo atamugwira mwana dzanja, atamuphunzitsa kunena kuti awa ndi amayi. N'chifukwa chake dziko lathu linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Akanakhala wanga wabedwa, ndikanafuna amufunse mafunso omwewo.

Tsono kalatayo ikhale yotani? Ilembedwe m'Chingerezi, chifukwa idzawerengedwa m'mayiko anayi. Itchule dzina lonse la mwana, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti yake, dzina lanu ndi nambala ya pasipoti yanu, ubale wanu ndi mwanayo, komwe mukupita ndi adiresi yake, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, mayiko omwe mudutsemo, ndi manambala a foni a makolo omwe amagwiradi. Kholo lisaine pamaso pa majisitireti kapena loya woloredwa kulumbiritsa anthu, iye adindepo. Chidindo chimenecho ndicho chimasiyanitsa affidavit ndi kalata wamba. Muphatikizepo fotokope ya chitupa cha unzika kapena pasipoti ya kholo lililonse, nazonso zodindidwa. Musaipangitse msanga kwambiri: a ku South Africa, pomwe amaifuna, salandira yopitirira miyezi 6.

Akulu anuwo sakuyenera kubwera kuno kudzasaina. Ku South Africa affidavit amalumbira pa polisi ndipo salipiritsa. Ngati pali chowaopsa kupita kupolisi, akafunse ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku ofesi yathu ya ku Johannesburg. Atumize pepala lenilenilo kudzera mwa munthu wodalirika wobwera kuno. Chithunzi cha pa WhatsApp chisungeni ngati chothandizira chabe, pakuti foni imatha moto pa Tete ndipo netiweki ya kwathu imakusiyani mukangowoloka.

Chachiwiri ndi satifiketi yakubadwa. Khadi lakusikelo si satifiketi, kalata ya ubatizo si satifiketi. Yeniyeni imachokera ku NRB, nthambi ya boma yolemba anthu m'kaundula, ndipo ofesi yawo ili kwa DC ku boma. Ndiyo imasonyeza kuti anthu awiri omwe asaina kalata aja ndiwo makolodi a mwanayo. Mukailandira khalani pansi muyerekeze chilembo ndi chilembo ndi pasipoti. Kuno kunyanja tili ndi vuto lakuti dzina limodzi timalilemba mitundu itatu: pena Yusufu, pena Yusuf, pena Usufu. Pena mwana kusukulu amadziwika ndi dzina la agogo ake aamuna pomwe pa pasipoti pali la bambo ake. Mukapeza kusiyana, kakonzetseni kapena kalumbireni kuti ndi munthu mmodzi, mudakali kuno.

Tsopano za bambo a ku Dwangwa, chifukwa ndikudziwa kuti pamene pakukuvutani ndi pamenepa. Ndaona wina wakulemberani kuti asiyeni, ngakhale sopo sagula. Mtima umenewo ndikuumvetsa. Koma ngati dzina lawo lili pa satifiketi, pamaso pa lamulo ndi kholo, kaya banja linatha mwaphokoso, kaya sanatumizepo kobiri. Kutha kwa banja sikufufuta ubambo. Ndipo taganizirani, atamva kwa anthu kuti mwana wawo wawoloka boda iwo osadziwa n'kupita kupolisi, dzina lomwe lidzatchulidwe ndi lanu, inu amene munamugwira dzanja. Musawatumizire uthenga wa pafoni wowalamula. Tumani malume a mwanayo kapena ankhoswe omwe anamanga banjalo, apite akakhale nawo pansi. Abambo ambiri amakana chifukwa choopa kuti mwana akapita sabweranso, ndipo mantha amenewo si opanda pake, tonse tikudziwa ana omwe anapita kukaona mayi awo pa holide n'kukhazikika komweko. Muwaonetse tsiku lobwerera lolembedwa m'kalatamo, muwauze kuti sukulu ikamatsegulira mu January mwana adzakhala ali m'kalasi. Ngati akulu anu ali ndi maganizo oti mwana akakhaliretu, anene poyera tsopano. Kusainitsa munthu kalata ya holide uku mukudziwa kuti mwana sabwera ndi chinyengo, ndipo wovutika pamapeto ndi mwana yemweyo.

Akakanitsitsa popanda chifukwa, kapena ngati sakudziwika komwe ali, njira ilipo. Yambirani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC, akuthandizeni kukafika kukhoti. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linakhazikitsa makhoti a ana, ndipo khoti likaona kuti ulendowo ndi wokomera mwana, chigamulo chake chimalowa m'malo mwa siginecha ya kholo lokanalo. Kwa ena omwe mukuwerenga muli ndi ana amasiye: kholo likamwalira mumanyamula satifiketi ya imfa, ndipo ngati onse awiri anatisiya, pezani pepala lakukhoti losonyeza kuti wolera mwanayo ndinu. Chomwe ndikukupemphani ndi mtima wonse, musalole munthu akusainireni m'malo mwa bambowo. Akangoimba foni pa boda n'kumva mawu ena, simubwerera kunyumba ngati mmene ndinabwerera ine.

Ena akuuzani kuti mungomupereka kwa matransipota, iwo amadziwa mochitira. Ayi, achemwali. Mwana wa zaka 9 si thumba la mpunga wa kilombero. Mochitira mwawomo nthawi zina ndi kumutsitsa basi isanafike pa boda n'kumudutsitsa kutchire ndi anthu omwe simunawaonepo, ndipo akalowa wopanda chidindo, potuluka ndi mlandu wina. Kumbukiraninso kuti pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku osapitirira 30 ku South Africa popanda viza. Yang'anani tsiku lomwe akudindirani pa Beitbridge, la inu ndi la mwana, chifukwa mukapitiriza amakuletsani kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo.

Ulendo wachiwiri ndinapanga mafotokope atatu a pepala lililonse. Ena ndinaika m'chikwama cha m'manja, ena m'katundu, ena ndinasiya kunyumba. Mwana ndinamukhazika pansi n'kumuuza kuti akakufunsa unene zoona: awa ndi mayi anga aakulu, ndikupita kwa amayi anga ondibereka, dzina lawo ndi lakuti. Pa mawindo ena sanafunse kanthu, anangodinda. Pa awiri anafunsa, ndinatulutsa envulopu, anawerenga, anamuyang'ana mwana n'kutiuza kuti pitani. Inu yambani ndi ulendo wa ku Dwangwa sabata ino, chifukwa mapepala enawo ndi a masiku ochepa, koma kukambirana ndi bambowo kungakutengereni mwezi.