Kodi ludzu la achimwene anga ndi mphamvu ya mankhwala chabe?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera pa imelo kuti achimwene ake, omwe akhala akumwa mankhwala a matenda a maganizo kwa zaka zingapo, anenepa kwambiri, akumva ludzu losatha ndipo akumadzuka kangapo usiku kukataya madzi. Abale akuti ndi mphamvu ya mankhwala basi. Mayiwa akufunsa ngati n'koyenera kupita nawo kuchipatala pamene mutu wawo uli bwinobwino.

Mayi, pitani nawo sabata ino, ndipo mukapemphe kuti akawayeze shuga. N'zoona kuti mankhwala monga chlorpromazine amaumitsa kukamwa, koma ludzu likaphatikizana ndi kukodza pafupipafupi chimakhala chizindikiro chodziwika cha matenda a shuga, ndiponso mankhwala ena, makamaka olanzapine, amanenepetsa n'kukweza shuga ndi mafuta m'magazi. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, ndipo ngati zoyezera palibe, pemphani kalata yokutumizani ku Gulupu. Akawayezenso kuthamanga kwa magazi ndi kuwakweza pa sikelo, zonsezo zilembedwe m'buku lawo la kuchipatala kuti ulendo wotsatira pakhale poyerekezera.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limanena kuti anthu odwala kwambiri matenda a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo ambiri amatengedwa ndi matenda a mtima, shuga, chifuwa chachikulu ndi ena omwe akanapezeka msanga akanachizika kapena kuchepetsedwa. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti munthu wotere akadandaula za m'mimba kapena pachifuwa, timafulumira kunena kuti mutu wayambanso, ngati kuti iye alibe thupi lodwala monga tonsefe. Ngakhale tsiku lokalandira mankhwala, nthawi zambiri mafunso amathera pa tulo ndi pa mawu omwe wodwala amamva, choncho inu amene mumakhala nawo muyenera kutchula zina zonsezi popanda kudikira kufunsidwa.

Chonde musawasiyitse mankhwala chifukwa cha zimene ndalembazi, pakuti matenda akhoza kubwerera mwamphamvu. Dokotala ndiye angachepetse mlingo kapena kusintha mtundu. Buku lawo la kuchipatala lija muzilitenga kulikonse, chifukwa mankhwala amalimbana m'thupi: carbamazepine, amene ena odwala maganizo amamwa, amafooketsa dolutegravir, amene ali m'ma ARV omwe ambiri akumwa m'dziko muno, ndipo rifampicin wa chifuwa chachikulu amachepetsa mphamvu ya haloperidol, mankhwala ena a matenda a maganizo. Achimwenewo akayezetsenso HIV, ndipo akatsokomola kwa sabata ziwiri akapereke makhololo. Ngati amasuta fodya, athandizeni kusiya, koma dokotala adziwe, popeza kusiya fodya kumakweza mlingo wa olanzapine m'magazi. Kunyumba chepetsani zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi, ndipo aziyenda mtunda ndithu tsiku lililonse.

Tsiku lina akadzasokonezeka mwadzidzidzi thupi litatentha, khosi litauma kapena akusinza modabwitsa, musadzaganize zoyamba ulendo wa ku Zomba Mental Hospital. Thamangirani nawo ku chipatala chapafupi kuti akaone ngati si malungo, matenda oumitsa khosi kapena shuga wokwera kwambiri.