Ndalama zashota, bwana akuti aliyense adulidwe malipiro

Mayi wina amene amayang'anira shopu ya hadiweya wandilembera kuti mwezi watha ndalama zinashota ndi K180,000. Pakauntala amagulitsapo anthu atatu, dilowa la ndalama ndi limodzi, ndipo mwini shopu walamula kuti aliyense adulidwe K60,000. Akufunsa: "Ndidule kapena ndikane?"

Mayi, musadule. Nkhani imeneyi imandipweteka mtima chifukwa yafala kwambiri m'mashopu mwathu. Taganizani bwino. Ngati wakuba ndi mmodzi mwa atatuwo, watenga K180,000, wabweza K60,000, watsala ndi K120,000 m'thumba. Mwezi wamawa aberanso, asiyirenji? Awiri osalakwawo apita kunyumba ndi malipiro operewera, lendi ikuwadikira, ndipo aona okha kuti kukhulupirika sikuwateteza. Ena amayamba kuba pamenepo, ati kubweza zawo.

Komanso kushota sikuti nthawi zonse ndi kuba. Kasitomala walipira pa Airtel Money kapena Mpamba, lisiti nkulembedwa ngati wapereka kashi. Wina wabweza chitini cha penti, ndalama wapatsidwa, lisiti osaifufuta. Mmisiri wodziwika watenga matumba khumi a simenti, "ndidzalipira Lachisanu", wogulitsa nkulemba ngati zalipiridwa kale.

Ndiye pali chimene ambiri amaopa kutchula: bwana mwini wake. Amafika madzulo galimoto osazimitsa, "tandipatsani K30,000 ya mafuta", wogulitsa nkutsegula dilowa. Palibe cholemba, palibe chosayina. Mawa abwera mlamu wawo, mkucha mwana wa sukulu. Ndani angauze bwana kuti sayinani kaye? Pakutha pa mwezi bwana yemweyo waiwala, akuloza chala antchito. Ine ndimati shopu imene mwini wake amapisa m'dilowa osalemba ilibe ufulu wotchula munthu wakuba. Ndalama za bizinesi si za m'thumba la mwini wake, ngakhale mpamba unali wake. Adziikire malipiro ngati wantchito aliyense, azidya amenewo.

Lamulo nalo silili kumbali ya bwana wanu. Employment Act ya 2000, lamulo la za ntchito, gawo 56, imalola chenjezo lolemba, kuimitsa munthu ntchito kwakanthawi kapena kumutsitsa udindo, koma imaletsa kumulipiritsa chindapusa. Imalola kudula ndalama za katundu amene wantchitoyo waononga, koma apa simukudziwa kuti walakwa ndani. Bwana akapsa mtima nkunena kuti onse achoke, gawo 57 likuti pakhale chifukwa chomveka ndipo munthu apatsidwe mpata woyankha mlandu wake. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya za ntchito, komwe wolemba ntchito ndiye ayenera kupereka umboni wa chifukwa chimene anamuchotsera. Dzina lidzakhale pa kalata yodula malipiroyo ndi lanu, mayi.

Zoyamba nazo Lolemba

Alembereni bwana kalata yaifupi, mwaulemu, yopempha masabata awiri ofufuza musanakhudze malipiro a munthu. Tengani malisiti a mwezi wonse, muwayerekeze tsiku ndi tsiku ndi mauthenga a pa foni ya shopu, masilipi a ku banki ndi buku la ngongole. Lembani masiku amene zinashota ndi amene anali pakauntala. Zikaloza munthu mmodzi, mulembereni mlandu wake, mumupatse masiku okonzekera, mumumve pali mboni.

Kuyambira tsopano dilowa likhale la munthu mmodzi pa nthawi. M'mawa alandire chenji chowerengedwa, tinene K20,000, asayine. Posinthana awerenge onse awiri, asayinenso. Aliyense akhale ndi buku lake la malisiti a manambala otsatana, ndipo lisiti yolakwika isang'ambidwe, ingodulidwa mzere nkusiyidwa m'bukumo. Za pa foni zilembedwe padera. Simenti, malata ndi penti muziwerenga sabata iliyonse, osadikira kutha kwa mwezi. Ndalama iliyonse yotuluka m'dilowa ikhale ndi kapepala kosayinidwa, ndipo kapepala koyamba mukawaonetse bwana, muwapemphe kuti ayambe ndi iwo.