Sungani masiku awiri a ku Tasmania

Achemwali, mwafunsa kuti poti mukakhala ku Australia sabata imodzi yokha ndipo mukufuna kuona mmene akaidi otumizidwa kuchokera ku Britain ankakhalira, muyambire kuti. Ku Sydney kuli Hyde Park Barracks, nyumba yomwe munkagona akaidi aamuna, lowanimo ndithu, pulani yake anajambula ndi mkaidi Francis Greenway. Koma ine ndikuti sungani masiku awiri a ku Tasmania, chilumba cha kummwera kwa Australia komwe kale kunkatchedwa Van Diemen's Land, nkhani yonse ili kumeneko.

Tsiku loyamba pitani ku Cascades Female Factory mu Hobart, likulu la Tasmania. Dzinalo lisakupusitseni, inali ndende ya azimayi, ntchito yawo kuchapa ndi kusoka. Nyumba zambiri zinagumulidwa, kwatsala makoma amiyala ndi mabwalo m'tsinde mwa phiri, malo ozizira achinyezi, ndiye musayende nokha, lipirani wokufotokozerani apo ayi mungoona makoma basi. Mzimayi ankatumizidwa kukagwira ntchito panyumba ya munthu, akatenga mimba amamubweza kuno ngati wolakwa ndi iyeyo, mwana akangoleka kuyamwa amawalekanitsa, mayiyo nkukayamba chilango, ndipo makanda ambiri anafera momwemo. Ine pamenepa mpomwe misozi inalengeza.

Mawa lake Port Arthur, ndende yaikulu ya amuna, ola limodzi ndi theka pa galimoto. Panjira imani pa Eaglehawk Neck, kamtunda kopapatiza komwe ankamangirira agalu olusa pamzere kuti munthu asathawe. Mukafika musathere nthawi yonse mukujambula zithunzi pa kapinga, lowani mu Separate Prison. Mmenemo chilango chinali zii, kulankhula ayi, potuluka m'selo nkhope yophimba, kuitanidwa ndi nambala osati dzina, ngakhale kutchalitchi aliyense amaima m'kabokosi kake kuti aziona m'busa yekha. Imani m'kabokosiko mphindi imodzi, mudzamva chifukwa chake ena mutu unkasokonekera. Kweraninso boti muone Point Puer komwe ankasunga anyamata ang'onoang'ono.

Kuyambira 1788 mpaka 1868 anatumiza ku Australia anthu pafupifupi 162,000, ambiri pa milandu yakuba, zaka 7 kapena 14 kapena moyo wonse, ndipo ochepa okha ndi amene anabwererako kwawo. Ena zinadzawayendera atalandira chikalata chotchedwa ticket of leave chowalola kudzigwirira ntchito. Mukasintha ndalama yang'anani pepala la 20 dollars, mayi ali pamenepo ndi Mary Reibey, anapita ali kamtsikana pa mlandu woba hatchi nkudzakhala wabizinesi wamkulu ku Sydney.

Wokufotokozeraniyo mumufunsenso za eni nthaka, ma Aboriginal a ku Tasmania amene analandidwa malo ndi kuphedwa m'nyengo imeneyo. Ndipo tengani jekete yokhuthala, mphepo ya ku Port Arthur imalowa mpaka m'mafupa.