ISO 400 inandiwonongera ulendo wa ku Senga Bay

Achimwene, ndangoona zithunzi zanu za mbalame zija, zimene zatuluka zakuda ndi zogwedera, mtima wanga wabwerera ku Senga Bay. Kamera yanuyo ilibe vuto, musaigulitse.

Ine zinandigwera mu Januwale. Ndinachoka ku Lilongwe madzulo n'kukagona ku Salima, ndili ndi lenzi ya 70-300 (yokokera pafupi zinthu zakutali) yobwereka, yolipira pa tsiku. Ndisananyamuke, mkulu wina wophunzitsa zojambula, amene ndinamulipira ndalama zanga zokhetsera thukuta, anandiuza motsindika kuti ISO, nambala ya mmene kamera imamvera kuwala, isadutse 400, akuti ukadutsa pamenepo chithunzi chimadzaza timadontho. Ndinamumvera ngati mwana.

Kunacha dzuwa osatuluka. Mitambo inali itatseka thambo lonse, nyanja ili mbuu ngati phulusa, kamvula kakuwaza. Ndinawasiya asodzi a usipa akukocheza, ine ulendo kumene mchenga umasanduka matope pafupi ndi bango. Kumeneko ndiye ndinakapeza common sandpiper, kambalame kaja kofiirira pamsana, koyera kumimba, kongogwedeza mchira osapuma. Timbalame timeneti timaswana ku Europe ndi ku Asia, kuno timabwera kuthawa chisanu, pofika Epulo tikubwerera. Ndiye nthawi yake kuno ndi dzinja lomweli, mitambo simungaithawe.

Ndinagona chafufumimba pamchenga wonyowa, kukwawa ndi zigongono, malaya onse matope okhaokha, nyerere zikundiluma m'khosi koma osadzikanda. Pafupifupi ola lathunthu. Kenako kanabwera kokha, kuthamanga pang'ono, kuima, kuthamanganso, mpaka kufika mamita anayi kuchokera pomwe ndinagona. Kanazika mlomo m'matope n'kusolola kanyongolotsi, dontho la madzi likulendewera kunsonga, chithunzithunzi chake chikuoneka m'madzi. Manja ankanjenjemera. Ndinadina, kudina, kudina, shata (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) ili pa 1/125 ya sekondi, yochedwa chifukwa ISO ndinaisiya pa 400. Pakagalasi ka kamera zonse zinkaoneka bwinobwino. Nditafika kunyumba n'kutsegula pa kompyuta, abale inu, mutu wa mbalame ngati utsi, miyendo inayi, mchenga wakuda bii. Ngakhale chimodzi chokha chosunga panalibe. Ndinakhala pampando osayankhula mpaka nsima inazizira.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi yankho la mkulu uja. Nditamuonetsa, anangoti kamera yanga ndi yotchipa, ndigule ina, ndipo iyeyo ali nayo yogulitsa. Munthu woti ntchito yake ndi kujambula maukwati ndi fulashi, mbalame sanaigonerepo pansi chibadwire, koma kulankhula ngati amadziwa zonse. Ndalama ya minibasi, ya chipinda, ya lenzi, yonse inalowa m'madzi chifukwa cha mawu ake.

Ndiye inu musamvere aliyense, yesani nokha. Yambani ndi shata, 1/1000 kapena yothamanga kuposa pamenepo, lenzi itseguke mpaka mapeto kuti kuwala kulowe kochuluka, ISO ikwere mmene ikufunira, 1600, 3200, osaopa. Timadontho timachepetsedwa pa kompyuta, makamaka mukajambula RAW (mtundu wa fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona), koma chithunzi chogwedera sichikonzeka. Komabe ineyo pa kamera yanga yakaleyi sindidutsa 1600, pa 3200 nthenga zimaoneka ngati phala. Kuda kuja n'chifukwa choti kamera ikaona mchenga woyera ndi madzi owala imaganiza kuti kwawala kwambiri, n'kudetsa zonse. Onjezani +1 pa exposure (mlingo wa kuwala kwa chithunzi), muone kusintha kwake.

Mitambo si mdani. Kakowa amatuluka bwino tsiku lotere, nthenga iliyonse kuoneka, pomwe padzuwa la masana amangoti mbee. Gonani pansi kuti diso lanu lilingane ndi la mbalame, koma osati pafupi ndi bango ngati ine, muli ng'ona ndi likodzo mmenemo. Lenzi musasinthire pamchenga. Ndipo kukada ngati tsiku lija, kamvula kakuwaza, kulungani kamera m'jumbo, mudikire kuyere kaye.