Fizi yonseyi kuti mwana azikayendayenda ku Ndirande?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, akuti mwana wawo wamkazi ali chaka chachitatu cha civil engineering koma masiku ano akumabwera nsapato zili matope okhaokha, ati alekichala awatuma kukacheza ndi anthu pa makiyosiki a madzi ku Ndirande. Ndiye akufunsa kuti kodi fizi akuvutika nayoyi ndi ya zimenezi?

Mayi, mtima m'malo. Masamu sanawasiye, mayeso alembabe, koma pali zinthu zoti pa bolodi sizioneka. M'kalasi amuuza kuti madzi athu ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry ndipo amachita kuwapopa kukwera mtunda wonsewu, nchifukwa chake magetsi akangovuta mipopi nayo zii. Koma zoti azimayi amandandalika zigubu tambala asanalire, kaya zoti paipi ina imaphulika pomwepomwe chifukwa galimoto za mchenga zimaponda pamenepo, amene angamuuze ndi wogulitsa madzi pa kiyosiki basi.

Kwathu kumudzi mjigo wa Afridev unakhala miyezi osatulutsa madzi, ife nkumati basi wafa, kumafunika injiniya wamkulu. Atabwera makaniko wa m'dera anangosolola ma rod aja nkusintha kamphira kamodzi, kotchipa zedi. Vuto silinali chitsulo ayi, komiti ya mjigo inali itasiya kutolera ndalama anthu atakangana. Zimenezotu buku la hydraulics, phunziro la kayendedwe ka madzi, silinena.

Taonani makina a Pumani aja, othandiza kupuma ana obadwa masiku asanakwane. Anapanga ndi a ku Rice University ku Texas mogwirizana ndi madokotala ndi manesi a pa chipatala cha Queens pompano, ndipo oyambirirawo ankayendera timapampu ta m'mathanki owetera nsomba zokongoletsa m'nyumba, poti makina akunja ndi odula komanso akawonongeka sipeya kumusowa. Ubale umenewu ndi womwe unabweretsa design studio pa Poly, yomwe pano tikuti MUBAS, pomwe ana athu amapanga okha zipangizo.

Komabe mayi, pena ndikugwirizana nanu. Pali ena amangofika ndi mapepala a mafunso, kujambula zithunzi, kupeza magiredi awo, osaonekanso mpaka kalekale. Anthu a ku Chilobwe chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 afunsidwa mafunso mpaka kutopa, chonsecho iwowo ndi amene akudziwa njira yomwe matope anadzera kuchokera m'phiri la Soche, kuposa mapu alionse.

Ndiye madzulo ano akabwera musayambe ndi za nsapatozo. Mumufunse kuti anayamba akaonekera kwa amfumu kapena anangolowa ngati kwawo, nanga zomwe apezezo adzapita liti kukawauza eni ake, m'Chichewa osati lipoti la Chingerezi lokasungidwa ku laibulale. Zomwe akuyankheni mundilemberenso, ndikufuna ndimve.