Za carbamazepine ndi chizungulire cha mwana wanu

Mayi, mwafunsa ngati chizungulire ndi tulo zimene mwana wanu wamkazi akumva chiyambireni kumwa carbamazepine wa matenda a khunyu n'zoopsa, komanso ngati asiye kumwa. Chonde asasiye mwadzidzidzi. Kutero kungachititse kuti azigwa mobwerezabwereza osatsitsimuka, ndipo zimenezo zimapha.

Chizungulire, tulo, nseru ndi kuona zinthu ziwiriziwiri n'zofala m'masabata oyamba, ndipo kawirikawiri zimachepa thupi likazolowera. Zikapitirira, adokotala angasinthe mlingo wake.

Chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi khungu, makamaka m'miyezi iwiri yoyamba. Mukaona zidzolo, matuza, zilonda m'kamwa, m'maso kapena kumaliseche, pamodzi ndi kutentha thupi, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Amenewo angakhale matenda a Stevens-Johnson, amene amasenda khungu. Chimodzimodzinso maso akachita chikasu, kapena akamasokonezeka mutu, chifukwa mankhwalawa amatha kuvulaza chiwindi ndi kutsitsa mchere wa sodium m'magazi.

Poti ndi mtsikana, dziwaninso kuti carbamazepine amafooketsa mapiritsi olera ndi kulera kwa pamkono, monga Implanon ndi Jadelle. Ngati akumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, auze achipatala, popeza mlingo wa dolutegravir umafunika kuwonjezera. Akaganiza zotenga mimba akambirane nawo kaye, ndipo ayambe folic acid mimbayo isanakhale, chifukwa mankhwalawa angapundule msana wa mwana m'mimba.